Zithunzi za mtundu ndi jenda m'nkhani zopeka za sayansi ndi zamatsenga

Zithunzi za mtundu ndi jenda ndi maonekedwe ndi makhalidwe amene olemba nkhani zopeka amapatsa munthu mobwerezabwereza chifukwa cha zinthu ziwiri zophatikizana: khungu kapena mtundu wake, ndiponso kuti ndi mkazi kapena mwamuna. Zimapezeka m'mabuku ndi m'mafilimu osiyanasiyana, koma zimaonekera kwambiri m'nkhani zopeka za sayansi, zimene zimakamba za m'tsogolo, za m'mlengalenga ndi za makina amene sanapangidwe, komanso m'nkhani zamatsenga, zimene zimakamba za mizinda yotayika, mizimu ndi afiti. M'nkhani zoterezi wolemba amalenga yekha dziko lonse, ndiye chilichonse chopezekamo anachita kuchiikamo. Pa nkhani zokamba za Africa, zithunzi zitatu zakhala zikubwerabwera kwa zaka zoposa 130: mfumukazi yoyera yolamulira anthu akuda, nkhalamba yachikuda yaufiti, ndi namwali wachikuda wofera mwamuna wachizungu.

Dera la Achewa likupezeka mbali zonse ziwiri za nkhaniyi. Buku limene linatchukitsa mfumukazi yoyera, la She, lolembedwa ndi H. Rider Haggard ndi kutuluka mu 1887, linaika ufumu wake wopeka kumpoto kwa mtsinje wa Zambezi, chigawo chimene kale chinali cha ufumu weniweni wa Maravi. Ndipo amishoni atafika, Gule Wamkulu wa m'midzi ya Achewa, monga ya m'boma la Mchinji kumalire a Malawi ndi Zambia, anatulutsa zilombo zake zofanizira mzungu wamkazi ndi mzungu wamwamuna, Maliya ndi Simoni.

Tanthauzo

Mawu a Chingerezi otchulira chinthu chimenechi, stereotype, anayambira kwa osindikiza mabuku. Chinali chitsulo chodindira tsamba limodzimodzilo kambirimbiri popanda kusintha chilembo. Mtolankhani wa ku America, Walter Lippmann, ndiye anatchukitsa mawuwa pa nkhani za anthu mu 1922. M'Chichewa chinthu choyandikira ndi chikombole choumbira njerwa. Dothi lingachokere pachulu kapena kudambo, koma njerwa zimatuluka zofanana. Wolemba akaumba munthu m'chikombole, owerenga amadziwiratu zimene munthuyo achite asanatsegule n'komwe pakamwa.

Mu 1989 katswiri wa malamulo wa ku America, Kimberlé Crenshaw, anafotokoza kuti tsankho limene mkazi wachikuda amakumana nalo silingamveke munthu akayang'ana khungu palokha, kenako ukazi pawokha. Anayerekeza ndi munthu woima pamphambano ya misewu, amene galimoto ingamugunde kuchokera mbali iliyonse, mwina ziwiri nthawi imodzi. Filimu ya King Kong ya mu 1933 ikuonetsa zimenezi poyera. Anthu akuda a pachilumba akukonzekera kupereka mtsikana wawo ngati nsembe kwa chinyani chachikulu. Mfumu yawo itaona mkazi wachizungu watsitsi loyera, Ann Darrow, ikupempha kuti imusinthanitse ndi akazi asanu ndi mmodzi a mtundu wake. Onsewo ndi akazi, koma filimuyo yaika mtengo wosiyana. Mtsikana wansembeyo alibe dzina ndipo salankhula liwu ngakhale limodzi.

Mfumukazi yoyera ya ku Kôr

Haggard anali Mngelezi amene anapita ku South Africa mu 1875 ali ndi zaka 19, n'kukagwira ntchito m'boma la atsamunda ku Natal ndi ku Transvaal. Africa amene anamuona ndi maso ndi ameneyo. Koma polemba She anasankha malo amene owerenga a ku London sankawadziwa: gombe la kumpoto kwa pamene Zambezi amathirira m'nyanja, kenako ulendo wodutsa m'madambo kulowera kumtunda.

Nkhaniyo imayenda motere. Angelezi awiri a ku Cambridge, Horace Holly ndi mnyamata amene iye anamulera, Leo Vincey, akutsatira zolembedwa paphale lakale, ndipo akugwidwa ndi anthu otchedwa Amahagger, amene amakhala m'mapanga pafupi ndi mabwinja a mzinda wa Kôr. Mzindawo sunamangidwe ndi Amahagger koma ndi mtundu wina wanzeru umene unatha kalekale ndi mliri. Wolamulira ndi Ayesha, mkazi wobadwira ku Arabia, wakhungu loyera, amene wakhala zaka zoposa 2,000 osakalamba chifukwa analowa m'lawi lamoto lopatsa moyo. Amadziphimba thupi lonse ndi nsalu, poti mwamuna aliyense woona nkhope yake amazungulira mutu. Amadziwa zilankhulo zakale, mankhwala ndi nzeru zakuya, pamene anthu ake akuonetsedwa ngati odya anthu, opha alendo powavundikira mphika wamoto kumutu.

Chimene chingadabwitse wowerenga wa ku Mchinji, ku Kasungu kapena ku Katete ndi mwambo wa Amahagger. Iwo amawerengera mtundu kuchikazi, mwana ndi wa kwa mayi ake, ndipo mkazi ndiye amasankha mwamuna. Kwa Mchewa, mwana kukhala wa kuchikazi si chodabwitsa. Ndi moyo wa masiku onse wa mbumba, mwinimbumba ndi mkamwini. Koma m'bukuli mwambowu waikidwa ngati chizindikiro chakuti dzikolo n'lozondoka. Nkhalamba ina yaimuna, Billali, ikuuza alendowo kuti akazi akafika pokula mtima, amuna amadzuka n'kupha akazi okalamba kuti achitsikana atengerepo phunziro. Nkhanza imeneyi yalembedwa ngati nthabwala.

Mkazi mmodzi yekha wa Amahagger ndiye wapatsidwa dzina ndi mtima, Ustane. Akusankha Leo kukhala mwamuna wake, akumutchinjiriza ndi thupi lake pa ndewu, akumudwazika ali kayakaya. Ayesha akumupha pongomuloza ndi dzanja, ndipo pasanapite nthawi Leo wakumbatirana ndi wakuphayo, mtembo uli pomwepo. Kumapeto Ayesha akulowa m'lawi lija kachiwiri, ndipo zaka zake zonse zikumugwera nthawi imodzi. Tsitsi likuthothoka, khungu likuthimbirira n'kukwinyika, thupi likufota mpaka kufanana ndi nyani. Apa chikombole chaonekera chonse. Mphamvu, unamwali ndi kuyera zili mbali imodzi, pamene ukalamba, kuda ndi unyama zili mbali inayo.

Akazi amphamvu m'chigawo chimenechi analipo ndithu, ndipo sanali oyera. Ku Msinja, kufupi ndi mapiri a Dzalanyama m'boma la Lilongwe, kunali kachisi wa mvula woyang'aniridwa ndi Makewana, mkazi wa fuko la Banda amene ankatengedwa ngati mkazi wa Chauta. Sankameta tsitsi chifukwa linkagwirizanitsidwa ndi mvula, ankatumikiridwa ndi atsikana otchedwa matsano, ndipo mafumu ankatumiza mphatso kwa iye chilala chikagwa. W. H. J. Rangeley analemba za kachisiyu m'magazini ya Nyasaland Journal mu 1952. Kwa Aphiri kuli Nyangu, mayi wa ufumu wa Kalonga, udindo umene ulipo mpaka lero. Kumunsi kwa Zambezi, m'minda ikuluikulu ya ku Tete ndi ku Sena, kunali akazi obadwa kwa makolo osakanikirana, a ku Portugal, a ku Goa ndi a konkuno, amene anali ndi malo komanso asilikali awo achikunda. Ankatchedwa madona, ndipo mawu oti dona, amene m'Chichewa amatchulira mkazi wachizungu kapena wapamwamba, anachokera ku Chipwitikizi chomwecho. Akatswiri ena amati Haggard anatengera Modjadji, mfumukazi ya mvula ya Balobedu ku Transvaal, imene nayo sinkaonekera kwa anthu wamba. Ngati zili choncho, iye anatenga mpando wa mkazi wachikuda n'kukhazikapo mkazi woyera.

Ayesha anabereka ana ambiri m'mabuku a ena. Edgar Rice Burroughs, mwini wa Tarzan, analenga La mu 1913, wansembe wamkazi wokongola wa mzinda wotayika wa Opar, kumene amuna ake ndi ooneka ngati anyani. Cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1930 kunabwera Sheena, mtsikana wachizungu wovala chikopa cha kambuku, wolamulira nkhalango ya mu Africa m'mabuku a zithunzi. She weniweniyo anajambulidwa kukhala filimu kangapo, kuphatikizapo ya mu 1965 ya Ursula Andress. Ngakhale Storm wa mu X-Men, amene anaonekera koyamba mu 1975 ndipo ndi mkazi wachikuda, sanathaweretu chikombolechi. Anthu a kum'mawa kwa Africa akumupembedza ngati mulungu wa mvula, koma ali ndi tsitsi loyera ndi maso abuluu, ndipo pakufunika pulofesa wachizungu kuti adzamuuze chimene iye ali.

Gagool, Foulata ndi loto la golide

Zithunzi ziwiri zinazo zinakhwimira m'buku la King Solomon's Mines, limene Haggard anatulutsa mu 1885. Allan Quatermain ndi anzake awiri, Sir Henry Curtis ndi Captain Good, akutsatira mapu ojambulidwa ndi magazi a Mpwitikizi wina wakale, kufunafuna migodi ya Mfumu Solomo. Njira ikudutsa pa mapiri awiri otchedwa mabere a Mfumukazi ya ku Sheba. Anne McClintock, m'buku lake la Imperial Leather la mu 1995, anaonetsa kuti mapuwo ali ngati thupi la mkazi wopanda mutu, ndipo phanga la chumacho lili kumunsi kwa thupilo. Dziko lenilenilo lasanduka mkazi woti amuna achilendo alowe n'kutapa.

Amuna achikuda m'bukuli ali pawiri. Pali Twala, mfumu yankhanza ya diso limodzi, ndipo pali Ignosi, mwini ufumu weniweni, wamtali ndi waulemu. Kunena zoona, Haggard anam'patsa Ignosi ulemu umene olemba ambiri a nthawi yake sankapereka kwa munthu wakuda, mpaka kumapeto Ignosi akuletsa amalonda ndi amishoni kulowa m'dziko lake. Akazi ndiwo sanapeze mwayi wotere. Gagool ndi nkhalamba yoti palibe akudziwa zaka zake, yofota ngati nyani, yonunkhiza afiti ndi kuwaphetsa. Ndiye akusunga chinsinsi cha chumacho, ndipo akufa pophwanyidwa ndi chitseko chamwala. Foulata ndi namwali wopulumutsidwa ku nsembe, amene akukonda Captain Good n'kumudwazika. Gagool akumubaya, ndipo Quatermain akuona imfa yakeyo ngati yathandiza, chifukwa ukwati wa mzungu ndi munthu wakuda ukanavuta. Mkazi wachikuda wodziwa zinthu ndi mfiti, ndipo wokongola ndi wachifundo sakuloledwa kufika kumapeto a buku.

Maganizo oti chinthu chachikulu mu Africa chinamangidwa ndi alendo sanali a m'mabuku opeka okha. Karl Mauch ataona mabwinja a Great Zimbabwe mu 1871 ananena kuti ndi okhudzana ndi Mfumukazi ya ku Sheba. Panafunika kufukula kwa David Randall-MacIver mu 1905 ndi kwa Gertrude Caton-Thompson mu 1929 kuti zitsimikizike kuti omanga anali Aafrika.

Loto la golide linafikanso kumalire a Mchinji. M'zaka za m'ma 1890 kunamveka mbiri yoti dziko la Angoni a Mpezeni lili ndi golide wambiri. Wamalonda wa ku Germany, Carl Wiese, anali ndi chikalata chimene ankati Mpezeni anam'patsa, ndipo chinathera m'manja mwa kampani ya North Charterland Exploration Company. Mu Januwale 1898 asilikali ochokera mbali ya Malawi anathira nkhondo Angoni, analanda ng'ombe zikwizikwi, ndipo mu Febuluwale anaombera Nsingo, mwana wa Mpezeni. Golide wochuluka amene ankamuyembekezerayo sanapezeke. Dzina lakale la boma la Mchinji, Fort Manning, ndi la William Manning, mkulu wa asilikali amenewo, monga momwe Chipata ankatchedwira Fort Jameson. Buku silinatumize asilikali, koma anyamata ambiri a ku Britain a m'badwo umenewo anakula akuwerenga kuti kumtunda kwa Africa kuli chuma chimene eni dziko sakudziwa ntchito yake.

Maliya ndi Simoni

Gule Wamkulu si nkhani yopeka ngati buku. Ndi mwambo ndi chipembedzo, ndipo kwa eni ake zilombo ndi mizimu yochokera kudambwe, yobwera pamaliro, pachinamwali ndi polonga mfumu. UNESCO inamulengeza mu 2005 kukhala chuma cha chikhalidwe cha dziko lonse, cha Malawi, Zambia ndi Mozambique pamodzi. Akutchulidwa pano chifukwa nayenso amatenga mtundu wa munthu n'kuuumba kukhala cholengedwa chosakhala munthu wamba, chokhala ndi dzina, nkhope, kavinidwe ndi nyimbo zake. Gule amameza chilichonse chatsopano chofika m'mudzi. Muli zilombo zofanizira ogula akapolo, njinga yamoto, galimoto ndi helikopita.

Ansembe a White Fathers anatsegula mishoni ya Mua mu 1902, ndipo mu 1903 anafika ku Likuni ndi ku Kachebere, m'mphepete mwenimweni mwa malire m'boma la Mchinji. Tsidya linalo, pafupi ndi Chipata, a Dutch Reformed anali atakhazikika kale ku Magwero mu 1899. Mkangano pakati pa mishoni ndi nyau unali wolimbirana ana: kodi mnyamata apite kusukulu kapena kudambwe, mtsikana alangizidwe ndi ndani, maliro ayendetse ndani. Unafika poipa m'zaka za m'ma 1920. Matthew Schoffeleers ndi Ian Linden, amene analemba za mkanganowu mu 1972, anaonetsa kuti njira imodzi imene nyau zinabwezera inali kutenga mayina a m'tchalitchi n'kuwatulutsa pabwalo. Umu ndi mmene munabwerera Maliya, Yosefe ndi Simoni.

Simoni ali ndi nkhope yofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa, ndipo kawirikawiri amavala jekete ndi buluku zachizungu. Ndi mlendo wodzimva, wosadziwa mwambo wa pamudzi, ndipo anthu amamuseka kuti aphunzire khalidwe losayenera kutengera. Maliya ndi wovutirapo kumumasulira. Nkhope yake ndi yosalala, yofiirira kapena yoyererako, amavala diresi kapena chitenje ndi mpango kumutu, ndipo ena amakhala ndi mphini zachichewa m'masaya. Poyamba chinali chipongwe kwa amishoni. Pakati pa anthu amene ulemu wa mkazi unali kubereka, chiphunzitso cha mayi amene ndi namwali wosadziwa mwamuna chinali chovuta kumvetsa, ndiye Maliya wa pabwalo anabwera akuvina monyang'wa pamaso pa amuna. Koma zaka zitapita, m'madera ambiri anakhala mkazi wa Chadzunda, tate wa zilombo zonse, ndipo amaonetsanso ulemu ndi kudekha kwa mayi wapabanja. Mzungu wamkazi analowetsedwa m'mudzi, anatemedwa mphini, n'kukwatiwa. Claude Boucher, wansembe wa ku Canada amene anayambitsa Kungoni Centre ku Mua mu 1976, anasonkhanitsa nkhope za gule mazanamazana ku Chamare Museum ndi kuzifotokoza m'buku la When Animals Sing and Spirits Dance la mu 2012.

Ayesha ndi Maliya anabadwa pa kukumana kumodzimodzi kwa Azungu ndi Aafrika, ndipo onse awiri ndi mkazi woyera woumbidwa ndi amuna. Koma mapeto awo ndi osiyana. Ayesha sangasakanikirane ndi anthu ake, amawalamulira ndi mantha ali kuseri kwa nsalu. Maliya amavina pafumbi limodzi ndi zilombo zinzake, amayi akumuimbira ndi kumuombera m'manja. Mphamvu zawonso sizinali zofanana. Buku la Haggard linamasuliridwa m'zilankhulo zambiri ndipo likusindikizidwabe, pamene Maliya sanaperekeze msilikali aliyense kukalanda dziko la eni.

Izi sizikutanthauza kuti Maliya si chikombole. Nyau ndi bungwe la amuna, ndipo zilombo zachikazi zimaonetsa mkazi monga momwe amuna amamuonera kapena amafunira kuti akhale: woyenda mwamanyazi, wokopa, womvera. Schoffeleers anafotokozanso kuti m'mudzi wachikamwini, mmene mwamuna ndi mlendo kwa akuchikazi, nyau zinkapatsa amuna malo awoawo olankhulira. Munthu wofuna kuona zilombo za maiko atatuwa pabwalo limodzi amapita ku Kulamba, kwa Kalonga Gawa Undi ku Mkaika m'boma la Katete, kumapeto kwa Ogasiti. Achewa ambiri a ku Malawi amadutsira pachipata cha Mchinji ndi Mwami popita kumeneko.

M'nyumba za kanema

Achinyamata ambiri a ku Mchinji sanawerengepo Haggard, koma adzukulu a Gagool amawaona. M'misika monga Kamwendo, Kapiri, Mkanda ndi paboma, mafilimu a ku America, China, India ndi Nigeria amaonetsedwa m'nyumba za kanema kapena kuikidwa m'mafoni ndi m'mamemore khadi, ambiri atamasuliridwa m'Chichewa ndi ma DJ. Womasulirayo sangotembenuza mawu. Amafotokoza, amaseka, amapatsa anthu a mufilimu mayina a kuno, ndiye chikombole chochokera kunja chimafika chitavala kale Chichewa.

Chitsanzo chodziwika ndi Tia Dalma wa mu Pirates of the Caribbean, amene anaonekera mu 2006 ataseweredwa ndi Naomie Harris. Ndi mkazi wachikuda wa mano akuda, wokhala m'kanyumba ka m'dambo, wodziwa zamizimu ndiponso wokopa amuna. Ntchito yake yaikulu ndi kulozera njira amuna achizungu amene nkhaniyo ndi yawo. Ali ngati Gagool ndi Foulata ataphatikizidwa m'thupi limodzi.

Komabe nkhalamba yaufiti si katundu wa Azungu okha. Mafilimu a ku Nigeria, amene amakondedwa kwambiri ku Malawi ndi ku Zambia, adzaza ndi apongozi aakazi ndi agogo a kumudzi olodza ana awo a m'tauni, moti wosewera Patience Ozokwor anatchuka ndi mbali za mayi wankhanza. Nthano za pamoto nazo zili ndi nkhalamba zoopsa. Apa m'pamene nkhani ya zithunzi imakhudza moyo wa anthu. Ku Malawi okalamba, makamaka amayi amasiye ndi osauka, amathamangitsidwa m'midzi, kumenyedwa ndi kuphedwa powaganizira ufiti. Mu Januwale 2016 okalamba anayi a banja limodzi anaphedwa m'boma la Neno mtsikana wina atafa ndi mphenzi. Lamulo la Witchcraft Act la mu 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, koma m'midzi chala chimalozabe. Chikhulupiriro cha ufiti chinalipo kanema asanabwere, ndipo filimu payokha siipha munthu. Chimene imachita ndi kuphunzitsa ana nkhope ya mfiti: yokalamba, yachikazi, yosauka, yokhala yokha kumapeto kwa mudzi.

Filimu ya I Am Not a Witch ya mu 2017, ya Rungano Nyoni wobadwira ku Lusaka, inatembenuza chithunzi chimenechi. Kamtsikana kotchedwa Shula kakunenedwa kuti ndi kamfiti, n'kutumizidwa kumsasa wa amayi okalamba omangidwa ndi nsalu zazitali zoyera kumsana kuti asauluke. Alendo okaona malo akuwajambula zithunzi, ndipo mkulu wina wa boma akudyera pa iwo. Woonera akuona dziko ndi maso a onenedwawo. Filimuyi, imene mbali ina akulankhula Chinyanja, inapata mphotho ya BAFTA mu 2018.

Olemba a kuno

Mu 1964, chaka chimene Zambia inalandira ufulu, mphunzitsi wina wa ku Lusaka, Edward Mukuka Nkoloso, analengeza kuti atumiza Azambia kumwezi ndi ku Mars. Pakati pa ophunzira ake panali mtsikana, Matha Mwamba, amene ankayenera kupita ku Mars pamodzi ndi amphaka awiri. Ankaphunzira pogubuduzidwa m'mgolo pamtsetse. Atolankhani akunja anaseka, ndipo za Matha anakumbukira chimodzi chokha, kuti anatenga pakati n'kubwerera kwa makolo ake. Izi zinachitika zaka ziwiri Uhura asanaonekere mu Star Trek mu 1966, mkazi wachikuda wa udindo m'chombo cha m'mlengalenga, amene Mae Jemison anati anamulimbikitsa kufikira iye mwini atapita m'mlengalenga mu 1992. Namwali Serpell, wobadwira ku Lusaka, anamutenga Matha n'kumuika pakati pa buku lake la The Old Drift la mu 2019, monga mtsikana wanzeru wa ndale, kenako mayi, kenako gogo wa anthu opanga makina ouluka ang'onoang'ono ngati udzudzu. Bukuli linapata mphotho ya Arthur C. Clarke mu 2020. Mu 2023 Netflix inatulutsa katuni ya Supa Team 4 ya Malenga Mulendema, yokamba za atsikana anayi a sukulu opulumutsa mzinda wa Lusaka wa m'tsogolo, motsogozedwa ndi mayi wachikulire, Mama K.

Ku Malawi, Shadreck Chikoti anatulutsa Azotus the Kingdom mu 2015, nkhani ya Africa wa zaka 500 zikubwerazo, ndipo anatsogolera ntchito ya buku la nkhani zifupizifupi la Imagine Africa 500, lokonzedwa ndi Billy Kahora, mmene muli nkhani za Muthi Nhlema ndi Tiseke Chilima. Ekari Mbvundula analemba Montague's Last, nkhani ya kapolo wachiafrika wopanga makina m'ndende ya ku France. Ntchito zimenezi zinalembedwa m'Chingerezi, ndiye sizifika kwenikweni kwa mwana wa m'nyumba ya kanema ku Kapiri.

Filimu imene inafika paliponse ndi Black Panther ya mu 2018. Ili ndi asilikali aakazi a Dora Milaje, otsogozedwa ndi Okoye, amene anaseweredwa ndi Danai Gurira wokulira ku Harare, komanso Shuri, mtsikana wa sayansi. Ena anadandaula kuti mkazi wachikuda wolimba, wosalira, wogwira mkondo nthawi zonse, akhoza kukhala chikombole chatsopano, ndiponso kuti Wakanda ndi mzinda wobisika wa chuma cha m'nthaka monga wa Haggard uja, kungoti tsopano eni ake ndiwo akudziwa ntchito yake. Koma m'bwalo la mfumu ya Wakanda mwakhala mayi wachikulire wachikuda amene si mfiti. Ndi nduna yoimira fuko la okumba migodi, ndipo mawu ake amamveka pa nkhani za dziko. Anamusewera ndi Connie Chiume, wobadwira ku Welkom ku South Africa mu 1952, tauni ya migodi ya golide, mwana wa bambo wochokera ku Usisya m'boma la Nkhata Bay. Anabwereranso mu Wakanda Forever mu 2022 ndi dzina loti Zawavari. Anamwalira ku Johannesburg pa 6 Ogasiti 2024 ali ndi zaka 72.